Kompyuta pa Chulu

Mwana wa Raymond, mlongo wanga, anabadwira ku Joni m'nyengo yothyola fodya, ndipo anakhala wopanda dzina chifukwa cha adada.

Kwathu kuno, kumtunda kwa Chamama, mwana woyamba wa mnyamata amatchedwa dzina ndi agogo ake a kuchimuna. Raymond ankadziwa zimenezi. Mkazi wake Favour atangotuluka m'chipatala, iye anaimba foni n'kutumiza chithunzi. Ndinachilandirira pachulu cha kuseri kwa zigafa zathu, pamene mudzi wonse umakwera ukafuna netiweki. Anali mwana wamkazi, wokulungidwa m'bulangete mpaka m'khosi. Ndinatsika nacho kukawaonetsa adada.

Adada dzina lawo ndi a Mphepo, ndipo maso awo anachita ng'ala. Anatenga foniyo, kuiika pafupi ndi mphuno, kuitalikitsa, kuitembenuza chadodolido. Anati akungoona chiphaniphani. Pondibwezera ananena kuti ngakhale akanachiona bwino, chithunzi si mwana, chithunzi amanyamula ngakhale patsogolo pa bokosi la maliro. Iwo ankafuna kuona mwana akuponya miyendo.

"Sindingatche dzina munthu amene sindinamuone," anatero. "Belo la fodya sindilipatsa giredi ndisanalitsegule. Nanga munthu?"

Ndinakweranso pachulu kukamuuza Raymond. Kenako anandifotokozera mmene zinthu zinalili. Favour kwawo n'ku Zimbabwe, ndipo amayi ake anali atabwera kudzamuthandiza uchembere. Anabwera ndi dzina lokonzeratu. Kumeneko mwana amakamulembetsa kuboma mwezi usanathe, ndipo Raymond anali atatopa kuwazengereza apongozi ake. Adada akapanda kulankhula, mwanayo akalembedwa dzina la kuchikazi, ndipo nkhani ithera pomwepo.

Nditawauza adada, anati asewere awowo achite zimene akufuna. Koma tsiku limenelo sanadye. Anakakhala m'chigafa, nkhope m'mwamba, pansi pa masamba olendewera. Ine ndimawadziwa. Njinga anaisiya. Kuwerenga mawu kutchalitchi anasiya. Fodya amene kale anthu ankabwera naye kuchokera kutali kuti amuone mtundu, tsopano ndinkasankha ndine, iwo n'kumangomupapasa ndi kumununkhiza. Ntchito imodzi yokha imene anthu ankawabweretserabe inali ya mayina.

Amene anakumbukira kompyuta ndi Raymond. Anaitumiza chaka chathachi pamodzi ndi mabulangete ndi mapoto, pa galimoto za anthu onyamula katundu wa ku Joni. Inafika yokulungidwa ndi selotepi yofiirira yolembedwa dzina lathu ndi la Chamama, ine ndinaing'amba ndi lezala pomwe ndinkafuna kutsegula, ndinaonerapo kanema kawiri, n'kuiika m'sutikesi. Raymond anati sikirini yake ndi yaikulu ngati thireyi, mwina pamenepo adada angaone nkhope. Anati chofunika n'chakuti kompyutayo izigwira wayifayi. Ndinamufunsa kuti n'chiyani chimenecho, anati ndi netiweki yopanda mawaya. Ndinamufunsa ngati yathuyi imagwira. Sankadziwa. Anaigula yogwiritsidwa kale ntchito, kwa munthu wina pamsika, n'kuilongedza osaiyesa.

"Tangoyang'anani, asisi," anatero, ndipo mawu ake anapita ndi mphepo.

Nyengo yothyola fodya ine ndimakhala ngati woledzera pang'ono. Tsamba lonyowa ndi mame limalowa m'thupi kudzera m'manja ndi m'khwapa, ndipo dzuwa likafika pamutu dziko limayamba kuyandama. Madenga a zigafa amaoneka ngati anyamuka n'kusiya mizati pansi. Munthu wobwera pamsewu wa ku esiteti amayenda, kuyenda, osafika. Wina akakuitana, mawu ake amachedwa m'njira. Sindidandaula nazo, ndimamwa madzi n'kupitiriza. Koma chaka chimenechi chizungulirecho chinabwera ndi zake. Masana ena nditagona pamthunzi wa chigafa, ndinalota kamwana kakuyenda m'mizere ya fodya, masamba atakapitirira mutu. Kankapita kudambo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikabweze, koma ndinalibe chokaitanira. Ndinadzuka m'kamwa mukuwawa.

Madzulo ake ndinatulutsa kompyuta ija. Inkanunkha sopo ndi fodya, monga china chilichonse cha m'nyumba mwathu. Ndinaitchaja pa sola, ndipo kutangocha ndinaisenza kupita nayo pachulu.

Ndinachita zimene aliyense wa kwathu akanachita. Foni ikafuna netiweki timaikweza pachulu, ndiye ndinaikwezanso kompyuta. Ndinaitsegula, kuiyatsa, n'kuima nayo pansonga penipeni pamene udzu unatha ndi mapazi a anthu. Nkhungu inali itagona pachigwa chonse. Zigafa zinkangooneka madenga okha, ngati ng'ombe zogona m'madzi oyera, ndipo nsanja ya netiweki ya ku Chamama inkaphethira kakuwala kofiira kutali uko, popanda choichirikiza pansi. Ndinaloza kompyuta kunsanjako. Ndinainyamula pamutu. Ndinazungulira nayo pang'onopang'ono kum'mawa, kumwera, kumadzulo. Foni m'thumba mwanga inkalira mauthenga, koma kompyuta inangokhala duu, ikuonetsa chithunzi cha phiri la chipale chofewa chimene inabwera nacho.

Amayi awiri, matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe, anatulukira m'nkhungumo atasenza nkhuni. Anaima. Mmodzi anafunsa ngati ndatsegula malo oonetsera kanema pachulu, ndipo ngati olowa ndi nkhuni amaloledwa. Ndinamuyankha kuti kanema wayamba kale, ndi iyeyo. Anaseka n'kulowanso m'nkhungu, kuseka kwawo kunatsalira kanthawi iwo atapita.

Ndinafufuza poika simu. M'mbali mwa kompyutamo muli timabowo tambiri, tina tozungulira, tina ngati pakamwa pa chule. Ndinapeza kampata kena kopyapyala, ndinatulutsa simu mufoni, ndinatsala pang'ono kuikankhiramo. Chinandiletsa n'chakuti kampatako kanali kakakulu, simu ikanamira osatulukanso. Ndinatsika, ndinawauza adada kuti chinthuchi mwina n'chogontha.

Adada anandifunsa kuti chakhala nthawi yaitali bwanji m'sutikesi. Nditawauza anangogwedeza mutu.

M'mawa wotsatira kompyuta sindinaipeze pamene ndinaisiya. Ndinayang'ana pansi pa bedi, m'sutikesi, kuseri kwa matumba. Ndinayamba kuganizira anthu. Kenako ndinamva adada akutsokomola kuchigafa. Ndinawapeza atakhala pa chitsa, ndodo pakati pa miyendo, ndipo pamwamba pawo, pakati pa mikangala ya fodya wofiira, panalendewera chiguduli chomangidwa bwinobwino ndi luzi. Chinkazungulira chokha pang'onopang'ono.

Anafotokoza mosatekeseka. Fodya wouma sagwiridwa masana, amafumbutuka. Timamudikira afewe ndi chinyezi cha m'bandakucha, ndipo pamenepo amamvera dzanja. Chinthuchi chauma m'sutikesi chaka chonse. Komanso aliyense amadziwa kuti pachulu mawu amamveka bwino m'mawa kusiyana ndi masana. Ndiye iwo anachipachika ndi fodya kuti chifewe.

Ndinawafunsa kuti anakwera bwanji pamenepo opanda maso. Anati chigafa anamanga okha, sichingawasocheretse.

Sindinaseke, ngakhale tsopano ndimaseka. Ndinamasula chigudulicho. Kompyuta inali yozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo nditaitsegula ndinapeza timadontho ta mame pa sikirini ndi pakati pa mabatani. Ndinawakalipira adada monga sindinawakalipirepo, ndinati chinthu cha magetsi ndi madzi ndi adani, ndinati mwina apha okha njira yoonera mdzukulu wawo. Anangotembenuzira nkhope kumene kunkachokera kuwala. Ndinaipukuta ndi chitenje, ndinaiyanika pamphepo m'mawa wonse osayerekeza kuiyatsa, ndipo dzuwa litakwera ndinaibereka kumsana ngati mwana n'kupalasa njinga kupita ku Chamama.

Msewu wa ku Chamama nthawi imeneyo umakhala wa fodya mbali zonse. Mitengo ya fodya yothyoledwa masamba a m'munsi inaima ndi miyendo yaitali ngati akakowa. Kutentha kunkavina pamwamba pa msewu, ndipo anthu a njinga amene ndinkakumana nawo ankaoneka ngati akupalasa m'mlengalenga, matayala osakhudza fumbi. Kompyuta inkanditenthera kumsana. Ndinadzipeza ndikuigwedeza pokwera chitunda.

Ku Chamama ndinapita kwa Sellah. Tinaphunzira limodzi mpaka fomu thu, ine ndinabwerera kumunda, iye anatsegula kashopu kotchajira mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemore. Ndi mayi wonenepa, wa mawu aakulu, amene amadya mtedza tsiku lonse. Nditamuuza za chulu anaseka mpaka kugwira tebulo. Nditamuuza za chigafa anasiya kuseka, anandilanda kompyutayo, kuinunkhiza, n'kuiyatsa atatseka diso limodzi. Inayaka. Phiri la chipale chofewa lija linabwera monga kale.

"Amwali, muli ndi Mulungu," anatero. "Koma kompyuta si foni. Mukanaikweza ngakhale pamwamba pa phiri la Kasungu, ikanangokuyang'anani."

Anandifotokozera kuti imene imakatunga kunsanja ndi foni. Kompyuta imangomwera mufoni, zikayandikana, popanda chingwe. Koma kuti imwe iyenera kukhala ndi kachipangizo kake m'mimba, ndipo makompyuta ena akale anapangidwa opanda kachipangizoko, ena anthu ogulitsa amakazula n'kukagulitsa padera. Ndinamufunsa ngati titsegule ndi sikuludiraiva kuti tione. Anati ndisathamangire opaleshoni wodwala asanafunsidwe.

Anandilozera pansi pa sikirini, kudzanja lamanja, pafupi ndi pamene pamalembedwa nthawi. Anati kompyuta yogwira wayifayi imaonetsa pamenepo timizere topindika tosanjikizana, ngati mafunde a pachitsime ukaponyamo mwala. Tinayang'ana tonse, mitu itagundana. Panalibe timizere. Panali kabokosi kokhala ndi mtanda wofiira. Sellah anatafuna mtedza pang'onopang'ono. Anayesa kulumikiza foni yanga ndi chingwe, koma chingwecho chinali chongotchajira, ndipo china chimene anali nacho sichinkalowa.

Kenako analowa mkati mwake, malo amene kompyuta imatchula yokha ziwalo zake zonse. Mawu ake anali a Chingerezi chovuta, koma tinkatsika nawo limodzi ndi chala, iye akuwerenga mokweza, ine ndikumukonza pamene wadumpha. Pansi pa mutu wa zolumikizira netiweki panali mizere iwiri. Woyamba anati ndi wa chingwe. Wachiwiri unali ndi liwu lija lotanthauza chopanda mawaya.

Sellah anati ndiye kuti kachipangizoko kalimo, kompyutayo ikukadziwa. Kaya kagona, kaya kanafa.

Anadina mabatani a m'mwamba, limodzi lojambulidwa kansanja, pamodzi ndi lina la pansi. Palibe chinachitika. Anazimitsa, kuyatsanso. Mtanda wofiira unali pomwepo. Anthu ankabwera kudzatenga mafoni awo, aliyense n'kusiyapo nzeru. Bambo wina wogula fodya wa mavenda anati tiimenye pang'ono kumbuyo. Sellah anamuuza kuti akamenye yake. Kenako anandiuza kuti ku Kasungu boma amagulitsa kanthu kobaya m'mbali kamene kamagwira ntchito yomweyo, koma ku Chamama kulibe, ndipo ngakhale kubomako n'zamwayi.

Ndinakhala pa benchi. M'kashopumo munkatentha, mafoni ambirimbiri ali pa mashelefu akuphethira timagetsi tawo tobiriwira ndi tofiira, aliyense akuyamwa pa chingwe chake. Chizungulire chija chinabweranso. Ndinkamva ngati ndili pansi pa dziwe, ndipo mawu a Sellah ankatsika kuchokera pamwamba. Ankanena kuti makompyuta akale ngati amenewa ena amakhala ndi kaswitchi m'mphepete, kosuntha ndi chala, koma pa yathuyi sakukaona.

Ndinaitenga n'kuiika pamiyendo. Ndinayendetsa chala m'mphepete monse. Kutsogolo, pansi pa pamene pamakhala manja, panali patatsalira selotepi ija ya onyamula katundu, yakuda tsopano ndi fumbi, pakuonekabe zilembo zomaliza za dzina la Chamama. Sindinaichotse chaka chathachi chifukwa sinkanditchinga kutsegula. Pansi pa selotepiyo chala changa chinamva kotupa, kochepa ngati njere ya mpunga.

Tinaimatula ndi zikhadabo. Kaswitchi kanali pomwepo, komatidwa ndi ulimbo wa selotepi, kokankhidwira mbali imene kanajambulidwa kozimitsa. Amene anakulunga katunduyo ku Joni anakakoka ndi selotepi yake osadziwa, ndipo kanayenda chogona ulendo wonse, kudutsa malire onse, mpaka m'sutikesi mwanga. Sellah anazula chipini m'tsitsi lake n'kukakankha. Kanakana, kenako kanalola.

Kagetsi kabuluu kanayaka pafupi ndi chala changa. Mtanda wofiira unachoka. Timizere topindika tija tinabwera.

Sellah anadina pamenepo, ndipo panatsika mayina. Ndinamufunsa kuti ndi ayani. Anati ndi a mafoni ndi mashopu a pafupi amene atsegula wayifayi yawo, aliyense amaitcha dzina limene wafuna. Ndinawerenga. Panali Success Agro, ya sitolo ya feteleza kutsidya kwa msewu. Panali ina yotchedwa Usandipemphe. Ina Mkazi wa Sankhani. Ina inangolembedwa kuti Yehova Ndiye. Mayina ankabwera n'kuchoka, wina akadutsa panja ndi foni m'thumba dzina lake linkatulukira, akakhota pa ngodya n'kuzimirira. Ndinasuzumira pakhomo. Panja panali fumbi, mbuzi, ngolo ya mabelo, mnyamata wogulitsa chimanga chootcha. M'mwamba munalibe kanthu. Komabe mayinawo anali momwemo, akudutsa pakati pa anthu, kulowa m'mashopu ndi kutulukira kuseri, ndipo anali akuchita zimenezi masiku onse amene ndakhala ndikubwera kumsika kuno.

Sellah sanandisiye ndiziyang'ana. Anatenga foni yanga, kundionetsa poyatsira hotisipoti yolola kompyuta kumwera mufonimo, n'kundibwerezetsa mpaka ndinachita ndekha. Dzina la foni yanga linatulukira pakati pa enawo. Anaika pulogalamu yoimbira mooneka nkhope, anandigulitsa bandulo, kenako anatuluka panja n'kundiimbira. Nkhope yake inadzaza sikirini yonse, mtedza uli pakona pa mlomo. Ndinkamumva kawiri, pakhomo ndi m'kompyuta. Anati ndikawauze adada kuti akafuna kupachika china m'chigafa apachike wailesi.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Ndinatumiza uthenga kwa Raymond kuti akangoweruka akhale pafupi ndi mwana. Adada ndinawapeza atavala jekete lawo la kutchalitchi, ngakhale ndinali ndisanawauze kanthu. Anati anamva kulira kwa njinga yanga, sikunali kwa munthu wolephera.

Tinakwera chulu pang'onopang'ono, iwo atagwira phewa langa. Ndinayala chitenje, ndinawakhazika, ndinaika kompyuta pa mpando waung'ono patsogolo pawo ndi foni pambali pake. Chigwa chonse chinali chachikasu ndi dzuwa la madzulo. Utsi wa m'midzi unkakwera mowongoka, ndipo kutali ku esiteti wina ankamenya chitsulo choitanira anthu, kulira kwake kunkafika mochedwa. Ndinayatsa hotisipoti. Timizere tinadzaza. Ndinaimba.

Raymond anatulukira. Anali atanenepa masaya, ndevu zosameta, kumbuyo kwake khoma la malata ndi nsalu yotchinga. Anati, "Adada," ndipo mawu ake anathyoka. Adada anasendera kutsogolo. Anamufunsa ngati wavala choyera. Anali atavala malaya oyera. Mumtima ndinati mwina zitheka.

Favour anabwera atanyamula mwana, anagwada pang'ono kupereka moni m'Chichewa chake chopindika. Kumbuyo kwake kunadutsa mayi wamtali wa duku, mpongozi wa Raymond, manja atapinda pachifuwa, ndipo anaima pamene ankaonekera theka. Raymond anamuvula mwana bulangete n'kumuyandikitsa. Kanadzaza sikirini yonse, kakuponya miyendo.

Adada anayandikitsa nkhope mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Anabwerera m'mbuyo. Anatchinga dzuwa ndi chipewa. Ine ndinavula mpango n'kuwafunditsa pamodzi ndi kompyutayo kuti mukhale mdima. Anakhala m'menemo nthawi yaitali. Ndinkangomva mwana akung'ung'udza pansi pa mpango wanga, pachulu cha kwathu, ndi galimoto za ku Joni zikudutsa kumbuyo kwake. Atatuluka, ndinaona kuti chala chawo chaloza pakona pa sikirini, pamene panali babu la magetsi la m'chipindamo.

Akanatha kunama. Raymond sakanadziwa, ndipo ine sindikanaulula. Ndinawaona akuganiza zimenezo, milomo ikuyenda popanda mawu. Kenako anachotsa chalacho.

"Ndikuona nkhungu yoyenda," anatero. "Mwana sindikumuona."

Mayi wa duku uja ananena kanthu m'chilankhulo chawo, motsitsa. Raymond anayang'ana pansi.

Adada anatembenukira kwa ine. Anati ndiyang'ane ineyo, ndiwauze, ndipo ndisakometse. Ndinayang'ana. Ndinawauza kuti ndi wofiira, wamakwinya ngati nkhalamba, tsitsi lambiri lonyowa. Makutu aakulu, oima. Chipumi chotuluka. Anafunsa za manja, ndinati wafumbata zibakera, chimodzi wachiika pakhutu ngati akumvera foni. Anafunsa ngati ndi wokongola. Ndinati ayi, pakadali pano ayi, koma akuyang'ana ngati munthu amene sadzalola kuponderezedwa pamzere wa pachigayo. Raymond anaseka misozi ili m'maso. Favour anafunsa kuti ndati chiyani, iye anamumasulira zina n'kusiya zina.

Ndinayesa kuti tsopano atchula dzina. Adada anasisita mutu wa ndodo yawo.

"Wamuona ndiwe, Lefina," anatero. "Mutche ndiwe. Ine ndivomereza."

Ndinati si ntchito yanga. Anati ntchito ndi ya amene ali ndi maso, ndipo magazi ndi omwewo. Anakweza mawu kuti a kutsidya amve, anati dzina lichokera kuno, kwa a Mphepo, pakamwa pa mwana wawo wamkazi, ndipo asewere awo akhululuke powadikiritsa.

Ndinalibe dzina. Masiku onsewa ndinkasaka kaswitchi, sindinaganizepo zimenezo. Batire la foni linali litafiira. Mwana anayasamula, nkhama zokhazokha, kenako anatsegula diso limodzi n'kuyang'ana molunjika, kaya ankaona chiyani. Pamenepo m'mutu mwanga munalowa mtsikana wina amene ndinakhala naye desiki imodzi ku pulayimale, mwana wa matenanti, amene ankathamanga kuposa anyamata onse pasukulu. Fodya atagulitsidwa chaka chimenecho makolo ake anakwera lole n'kupita naye, sindinamuonenso, ndipo ndinali ndisanamukumbukepo mpaka madzulo amenewo. Ndinamuona akuthamanga m'mphepete mwa bwalo, diresi litakwera m'mawondo, fumbi likumutsatira.

"Anesi," ndinatero.

Adada analitafuna dzinalo. Analitchula motsitsa, kenako mokweza, ngati akuitana munthu amene ali kutsidya kwa munda. Anati likumveka, munthu angabwere nalo. Raymond analibwereza. Favour analiyesa, analikoka pakati, analiyesanso akuyang'ana mwanayo, ndipo kachiwiriko analitchula bwino. Mayi wa duku anamasula manja, anayandikira mpaka nkhope yake yonse inaoneka, n'kulankhula nthawi yaitali. Raymond anati akupereka moni kwa adada, akuti dzinalo alilandira, koma lawo lija likhale lapakati.

Adada anati pakati pali malo, alowe.

Foni inazima tisanatsanzikane. Sikirini inaima pa phazi la mwana lili m'mwamba, kenako inabwerera ku phiri lake. Ndinatseka kompyuta, kuikulunga m'chitenje, ndinawadzutsa adada. Potsika anandifunsa ngati makutuwo ndi ngati awo. Ndinati ine ndanena kuti ndi aakulu, sindinanene kuti ndi a ndani. Anayenda pang'ono, akufufuza njira ndi ndodo, kenako anati mawa ndidzatchaje foni mokwanira. Ankafuna adzamumve Anesi akulira.